Ola Limodzi m'Ndowa

Nkhata za maluwa zinali zitakwana makumi anayi ndi ziwiri, ndipo a Bang Gyusu ankaziwerenga mokweza ngati ng'ombe za m'khola mwawo. Zinali zitandandalikidwa m'khonde monse mwa nyumba ya maliro, kuyambira pakhomo la chipinda chachitatu mpaka kukafika kuzimbudzi, iliyonse yoima pa miyendo itatu, yaitali kuposa munthu, ndi liboni lolembedwa dzina la woitumiza. A Gyusuwo ankayenda manja kumbuyo, akuwerenga maina. Womwalira anali mng'ono wawo, a Dalsu, koma ukanawaona kumaso ukanati apambana chisankho.

Malja, mkazi wa malemuwo, anawatsatira atavala zakuda za namfedwa. Anapisa dzanja m'nkhata imodzi mpaka m'chigongono n'kutulutsa chibenthu cha siponji yobiriwira, ija amabayamo maluwa kuti aime. Anachifinya, madzi onunkha n'kutsika m'dzanja. Kenaka anazula duwa lalikulu la pakati, kulipinda pawiri, ilo n'kuwongoka lokha. Linali la pulasitiki.

"Alamu, ulemu mukuwerengawo ndi umenewu. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere."

A Gyusu anamuuza kuti atsitse mawu chifukwa alendo akudya m'kati. Anati nkhata ndi nkhope ya banja, ndipo a m'chipinda chachiwiri, amene anafedwa mphunzitsi wamkulu wathunthu, anali nazo khumi ndi zisanu basi.

"Ndiye kawagawireniko, asasauke. Mwini maliroyu akanadzuka n'kuona izi, akanafanso kachiwiri."

Zaka makumi atatu ndi chimodzi a Dalsu ndi Malja anagulitsa maluwa m'kasitolo kawo kuseri kwa msika wa ku Yesan, ndipo zaka zonsezo sanapangepo nkhata yotereyi ngakhale imodzi. Ali mnyamata, a Dalsu ankagwira ganyu yokataya nkhata za pamaliro. Anaona ndi maso awo phiri la masiponji ndi mawaya limene linkatsala maluwa akawola, mvula n'kumalikokolera kumtsinje, ndipo kuyambira pamenepo anauma mutu. Ankati duwa lachokera m'dothi, libwerere m'dothi lonse, popanda chotsala. Maluwa awo ankalima okha pamtetete, ndi manyowa a ng'ombe ndi zinyalala za m'sitolo momwemo. Mankhwala opopera ayi. Nyumba za pulasitiki zotenthetsa ndi mafuta ayi. Kukulunga kwake pepala, kumanga kwake mapesi a mpunga. Nyengo yozizira, anzawo akugulitsa maluwa obwera pa ndege, iwo ankagulitsa ouma ndi nthambi za paini. Amaluwa anzawo anawapatsa dzina loti Bambo Mapesi. Maliro onse ndi maukwati onse a m'tauni ankapita kwa anzawowo. Ngakhale pa ukwati wa mwana wa a Gyusu, maluwa amene a Dalsu anabweretsa m'miphika yadothi anabisidwa kuseri kwa chitseko kuti apongozi asawaone. Malja anatukwana amuna ake chifukwa cha mutu woumawo kosawerengeka, koma mawa lake ankadzuka n'kukapota nawo mapesi.

Tsopano amaluwa omwewo ndiwo anatumiza theka la nkhatazo. Kaya chinali chisoni kaya chipongwe, Malja analibe nthawi yofunsa.

A Dalsu anagwa Lolemba madzulo kumunda. Woyandikana nawo munda ndiye anawapeza n'kuitana ambulansi, ndipo anamwalira Lachiwiri m'bandakucha osatsegulanso maso. Ili linali Lachitatu m'mawa, tsiku lachiwiri la maliro, tsiku loika mtembo m'bokosi. 12 koloko masana abale amaitanidwa kuchipinda cha pansi, amaona nkhope komaliza, maluwa amayalidwa m'bokosi, basi n'kutseka.

Za nkhata za m'khonde Malja anadziwa kuti wagonja. Koma za m'bokosi ayi. Anatsika kwa mayi wosambitsa ndi kuveka mitembo, kukafunsa kuti maluwa oyalawo ndi ati. Mayiyo anamusonyeza katoni yolembedwa chilankhulo chachilendo, maluwa ozizira ngati nsomba za mufiriji, onunkha mankhwala. Malja anati amuna ake sagona pa zimenezo, olo atamupha. Kumunda kunali mizere isanu ndi umodzi ya gukwa woyera, duwa lenileni la maliro, amene a Dalsu ankati athyole sabata yomweyo. Munthu analera maluwa kuyambira ali mbande, akagone pa maluwa a mlendo? Mayiyo, munthu wofatsa, anati palibe choletsa, bola maluwawo afike 12 koloko isanakwane, chifukwa 1 koloko chipindacho chinali cha banja lina.

A Gyusu atamva anafiira makutu. Anati namfedwa satuluka pa siwa. Alendo akabwera kudzagwada kutsogolo kwa chithunzi cha malemu, adzawerama kwa yani? Poti a Dalsu sanasiye mwana wamwamuna, iwo ndiwo anavala kansalu ka mizere iwiri pamkono, ka wotsogolera maliro, ndipo kansaluko kanali katawakwera m'mutu.

"Zaka zonsezi mwachititsa banja manyazi ndi mapesi anu. Lero lokha, alamu, khalani pansi ngati munthu."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, alamu. Inu weramani, msana muli nawo. Ikhala ntchito yoyamba kumugwirira mng'ono wanu chibadwire."

Miran, mwana wawo yekhayo, amene ankagwira ntchito ya muofesi ku Seoul, anati kumundako apite iyeyo, amayi akhale. Malja anamuyang'ana zikhadabo zopakazo n'kumuuza kuti iye angakathyole kabichi. Anamulamula kuti akhale pafupi ndi bambo ake, asalole aliyense kutseka bokosi iye asanabwere. Chovala cha namfedwa chilibe thumba, choncho foni anaisiya pamkeka. Anatuluka n'kuimitsa takisi. Woyendetsa anaona zakudazo ndi kaliboni koyera m'tsitsi, anazimitsa wailesi, n'kumufikitsa kumunda.

Anafika cha m'ma 9 koloko. Kalole kawo kanali kataima pomwe a Dalsu anakasiya, makiyi ali momwemo, kumbuyo kuli mphasa za mapesi zokulungakulunga. Mwezi wa Novembala, kukayamba kuzizira, a Dalsu ankafunditsa mizere yonse mphasazo madzulo alionse ndi manja, m'mawa n'kuvundukula. Ndiye mtolo wake wokana nyumba ya pulasitiki umenewo. Masiku awiri panalibe wofunditsa, ndipo chisanu sichidziwa maliro.

Mizere isanu inali itawauka yonse. Maluwa amene Lamlungu anali mbee anali atada, mitu pansi, ofewa ngati masamba owiritsa. Malja anayenda pakati pawo osagwira kanthu. Mzere wachisanu ndi chimodzi, wa kumtsinje, unali wofunditsidwa, koma osati wonse. Mphasa zinayenda bwinobwino, zopanikizidwa ndi miyala m'mbali monga mwa chizolowezi chawo, mpaka pakati pa mzere. Pamenepo mphasa yomaliza inali yotambasulidwa theka, theka likadali lokulunga. Patsogolo pake maluwa anali othyokathyoka, dothi lopondedwa ndi nsapato zambiri, ndipo chipewa chawo chinali m'ngalande.

Malja anakhala pansi m'matope momwemo ndi zakuda zakezo. Kuchipatala sanalire. Pa siwa sanalire, moti akazi ena a kuchimuna anali atayamba kale kutsinana. Apa analira ngati ng'ombe yolandidwa mwana, popanda womuona.

Atatha anamina, anadzuka, n'kuvundukula mphasa. Pansi pake maluwa anali oyera ngati mpunga wokonola kumene, olimba, opanda banga.

Gukwa sadula ndi sizasi. Amathyola ndi zala kuti phesi libenthuke, limwe madzi bwino. Anathyola limodzilimodzi, kupulula masamba a m'munsi, kuponya masambawo pa mulu wa manyowa osaganiza n'komwe. Anatunga madzi kumtsinje ndowa ziwiri, kuviikamo maluwa mpaka m'khosi, n'kuika ndowazo pamthunzi wa kalole. Wotchi ya m'kalole inkati hafu pasiti teni.

Akananyamuka pamenepo akanafika nthawi ikadalipo yambiri. Koma pamunda umenewo panali lamulo: duwa silikwera galimoto lisanamwe ola lathunthu. Lokwera ndi ludzu limafika litagwetsa mutu, ndipo a Dalsu ankatsitsa ndowa yonse akadziwa kuti wina wafupikitsa. Maluwa okalowa m'bokosi, okapsa mawa lake potentha mtembo, amwe madzi a chiyani? Wina aliyense akanafunsa funso limenelo. Koma manja amene achita chinthu zaka makumi atatu safunsa mutu. Malja anawerengera kuti ola la kumwa, theka la ola la msewu, afika ndendende. Sakanapatsa mwamuna ameneyu maluwa ogwetsa mitu pa tsiku lake lomaliza, ndiponso pamaso pa a Gyusu.

Anakhala pamwala, chipewa chili pamiyendo, n'kuyamba kuwakalipira amuna akewo.

"Inu, sindinakuuzeni kuti mundidikire nditseke sitolo, tifunditse awiri? Mukuti chisanu sichidikira munthu. Nanga chakudikirani inuyo? Mizere isanu yapita, inunso mwapita. Munthu wanji wosiya ntchito pakati? Mukanatsiriza kaye mzerewu."

Anawauza za nkhata makumi anayi ndi ziwiri, za akulu awo ndi kansalu kawo, za msuzi wa ng'ombe wa pamaliro umene unachuluka mchere. Anawafunsa kuti mbewu za chaka chamawa anazibisa m'chitini chiti, chifukwa iye sangasake nyumba yonse. Anawauzanso zina zimene sanawauzepo ali moyo. Pamene ola linakwana, maluwa anali atadzuka, mitu chilili.

Chimene anaiwala n'chakuti tsikulo linali la msika waukulu, uja umabwera masiku asanu alionse. Popita takisi inadzera msewu wa kuseri, koma iye anadzera wa pakati pa tauni umene anauzolowera. Malole a kabichi wopangira kimchi, ndiwo zowawasa zosungira nyengo yozizira, anali atadzaza msewu, ogula akuwoloka ndi ngolo zawo ngati ali pabwalo pawo. Analiza hutala mpaka dzanja kuwawa. Anatukwana aliyense, ndi makolo awo omwe. Pamene msewu unatseguka sakanathamanga n'komwe, chifukwa madzi akanatayika m'ndowa.

Anatsika masitepe a nyumba ya maliro 1 koloko itatsala mphindi khumi, ndowa kumanja ndowa kumanzere, siketi yonse matope. Chitseko cha chipinda cha pansi chinali chotsegula. Bokosi linali lotseka, lomangidwa kale ndi nsalu zoyera, mfundo zake zomalizidwa bwinobwino.

Miran anali atatupa maso. Anafotokoza kuti anaima pachitseko mpaka 12 koloko inapitirira ndi mphindi makumi awiri, anagwada, anapempha, koma bambo aakulu anati mwambo uyambe, mtembo sudikira munthu amene wapita kokaona munda.

Malja anatula ndowa.

"Tsekulani."

"Bokosi silitsekulidwa kawiri, alamu. Mukufuna tsoka ligwere mwanayu? Tinakuuzani. Madzi akatayika saoleka."

"Ndati tsekulani. Sindinawaone."

"Munasankha nokha. Ife taona nkhope ya mng'ono wathu, inu mwaona maluwa."

Malja anagwira mfundo yoyamba ndi manja onse awiri. Ndipo akanaimasula, kaya mwambo kaya tsoka, kaya a Gyusu akomoke pomwepo. Koma mayi wosambitsa uja anamugwira pamkono pang'onopang'ono n'kumulozera kukhomo ndi maso. Panja panali pataima banja la 1 koloko: mkazi wamng'ono, wa msinkhu wa Miran, mwana kumanja mwana kumanzere, onse atavala zakuda zowakulira, akudikira kukaona nkhope ya wawo. Mkaziyo anawerama kwa Malja ngati wopepesa.

Malja anasiya mfundo ija. Ananyamula ndowa zake n'kupatuka.

Masana onsewo sanawerame kwa mlendo aliyense. Anakasolola mapesi pa mphasa ya m'kalole, anakhala pakona ya chipinda chodyera, n'kumapota chingwe m'zikhato. Anthu ankadya mpunga ndi msuzi, akumwa mowa wa soju, akumuba ndi maso. Ena ankanong'ona kuti wapenga. Ena ankati mkazi wothawa mtembo wa mwamuna wake sanamuonepo chibadwire. Anthu ndi otero, pakamwa podzaza ndi chakudya cha maliro ako ndi pomwe amakudyera. Koma palibe anayerekeza kumuuza pamaso.

Amene anafika pafupi ndi Jeomsun yekha, mwini sitolo yaikulu ya maluwa ya pasiteshoni, amene nkhata yake inali yoyamba pakhomo. Ndi iyeyo anayambitsa dzina la Bambo Mapesi. Anatsitsa thupi lake lonenepalo pansi akubuula, anatenga duwa limodzi m'ndowa, kulitembenuza, kuligogoda ndi chala pakhosi.

"Make Miran, ndiwe mfiti iwe. Mwezi uno, pamtetete, duwa lotere? Ndipo amwa bwino awa. Wawapatsa ola lonse."

"Lonse."

Jeomsun anayang'ana duwa, anayang'ana Malja, ndipo poti naye anali wamaluwa anamvetsa pomwepo kumene ola limenelo linachoka. Sanapepese. Anangopinda manja a malaya n'kuyamba kumupatsira maluwa limodzilimodzi, Malja akumanga. Mtolo utakwana, Jeomsun ananyamula otsalawo kupita nawo kutsogolo kwa chithunzi, kumene kumakhala mtsuko wa maluwa oti mlendo aliyense atengeko limodzi n'kuika. Anachotsa a m'katoni aja n'kuikamo a kumunda. A Gyusu anafunsa kuti wamutuma ndani. Jeomsun anawauza kuti aweramire alendo, za maluwa azisiyire eni ake.

Lachinayi m'mawa anapita nalo bokosi kumalo otenthera mitembo. Pamwamba pa bokosi a Gyusu anaikitsa maluwa ogula, ambirimbiri, obayidwa pa siponji. Malja anaika mtolo wake pambali pake, cha pachifuwa. A Gyusu anatsegula pakamwa, Miran anawayang'ana, iwo n'kutsekanso.

Pakhomo la ng'anjo wantchito wovala magolovesi oyera anaimitsa bokosi. Anati chilichonse chokhala ndi waya, siponji kapena pulasitiki sichilowa. Ananyamula maluwa a a Gyusu n'kuwaika pansi chapambali. Kenaka anagwira mtolo wa Malja. Anapisa zala pakati, kufufuza pansi, kukoka chingwe kuti aone m'kati mwake. Anafunsa ngati mulibedi kanthu.

"Duwa ndi mapesi. Mukapezamo china munditenthe ineyo."

Wantchitoyo anabwezera mtolowo pomwe unali, anauwongola, anawerama. Chitseko chachitsulo chinatsekeka.

M'bokosi maluwawo sanalowe, koma anapita nawo, onse, popanda chotsala. Wina akanati Malja wapambana. Iye anangopita m'chipinda chodikirira. A Gyusu anatuluka kukasuta. Malja anakhala pabenchi, manja ake obiriwira ndi madzi a masamba ali pamiyendo, akuyang'ana kanyali kofiira pakhoma kamene kankasonyeza kuti moto wayaka. Kenaka analankhula osatembenuka.

"Miran, nkhope yawo inali bwanji?"

"Anawameta ndevu, Amayi. Anawadzoza mafuta, n'kuwapesa tsitsi cha kumbali ngati a kubanki."

"Bambo ako sanagwirepo chipeso chibadwire."

"Ndikudziwa. Asanatseke ndinawasokoneza tsitsilo ndi dzanja."

Malja anagwedeza mutu kamodzi.

"Fotokoza bwinobwino, usathamange. Uyambire pamphumi, utsike pang'onopang'ono."

Miran anasendera pafupi, nayambira pamphumi.